Kabokosi Kamene Bambo Anapempha

4 Febuluwale

Mwana wanga Chisamba,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pa sitimapo, ndipo nyanja sikukuzunguzani kwambiri. Kuno tilipo. Mlongo wako Mzime ali ndi makina ake osokera pabalaza, ine ndili m'chipinda changa cha zoimbira. Timakumana pa tiyi.

Chichokereni iwe sindinakupemphepo kanthu, koma lero ndikupempha. A kwaya ya ogwira ntchito kuchipatala anandibweretsera nyimbo khumi ndi ziwiri zimene anajambula mu holo, kuti ndiziyeretse ndi kuzisanja asanazitulutse. Ndinagwira milungu itatu. Dzana mayi wotsogolera kwayayo, amene ndi namwino wamkulu, anabwera nazo pakhomo. Akuti mawu ake akulasa m'makutu ngati munthu akukanda galasi ndi msomali. Ine! Zaka makumi atatu ndi zinayi mu situdiyo ya wayilesi, mpaka anthu anaiwala dzina langa nkumangoti a Khutu, lero ntchito yanga ikubwezedwa ngati malaya othina.

Ndafufuza, vuto ndalipeza. Ukudziwa kuti nyimbo za mu kompyuta ndi manambala chabe. Pamafunika kachipangizo kowasandutsa kukhala mawu asanafike ku masipika. Amisiri timakatchula kuti daki. Ampulifaya yokuzira mawu imene ndinagula yakale ija itapsa ili ndi daki yakeyake m'kati, ndipo ndi yachabechabe. Ikumeza timawu tonse tapamwamba. Azimayi oimba mokweza amamveka ngati afunda bulangete kumutu. Ndiye ine powonjezera kuti amveke, ndinapyoza muyeso. Kalipentala sangadule thabwa mowongoka ngati lula yake ili yokhota.

Undigulire daki yakunja, kabokosi kapadera kokhala ndi magetsi akeake. Kumadoko mumaimako zimapezeka. Mtundu wake ndalemba kuseri kwa pepalali. Usavutike ndi kuimba foni. Mafoni a masiku ano ndi phokoso lokhalokha, munthu sumva kanthu. Lemba.

Ndine bambo wako.

6 Febuluwale

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti mota wa makina anga wayamba kununkha chopserera, ndiye mayunifomu a ana asukulu ndikusoka mopumira.

Ndinaona Bambo akumata envelopu yanu, ndipo ndikudziwa zimene apempha, chifukwa pakhomo pano nkhani ndi yomweyo m'mawa ndi madzulo. Chonde musagule kaye kabokosiko. Pali chinthu chimene ndikuchiona, koma sindinatsimikize, ndipo sindikufuna kulemba za bambo anga zinthu zimene mawa ndingachite nazo manyazi. Mukafika padoko muimbire ine, osati iwo. Ndipo musawauze kuti ndakulemberani.

Mlongo wanu,
Mzime

1 Malichi

Mzime,

Moni. Makalata anu onse awiri ndawapeza tsiku limodzi ku ofesi ya padoko, titakhala panyanja milungu itatu. Ndinayesa kukuimbira kawiri, sunayankhe, ndipo tinali ndi maola ochepa.

Yako ndaiwerenga katatu. Wayamba ndi mota wa makina, kenako "musagule", kenako "musawauze". Ine si mwana. Ngati ukufuna mota, nena kuti ukufuna mota. Ndinakukanizapo chiyani? Koma kutsekereza Bambo pa chinthu chimodzi chokha chimene apempha m'zaka zonsezi, zimenezo ayi. Amayi atamwalira, chimene chinawadzutsa pa mpando ndi chipinda chija. Iwe umachiona ngati mosungira fumbi. Sindinaiwale tsiku unanena kuti chingakhale shopu yabwino yosokeramo.

Kabokosi ndagula ndipo ndatumiza. Ndine wamagetsi, ndinakayesa ndekha mu sitolo, kali bwino. Kakafika kaperekedwe m'manja mwawo kasanatsegulidwe.

Mchimwene wako

18 Malichi

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndinaleredwa. Mota ndakonzetsa ndekha, musasowe nawo tulo. Foni yanu inalira ndili kwa okonzawo, ndipo nambala za padoko sizibwezeka.

Popeza mukufuna ndinene, ndinena. Bambo makutu akufa. Ketulo yathu ya mluzu ija imalira mpaka ine ndimachoka pa makina kukaiphula, iwo ali pafupi nayo pomwepo akuwerenga nyuzi. Belu la pageti salimva. Ndikalankhula ndili kukhitchini sayankha, kenako amati ndimalankhulira m'kamwa ngati amayi anga. Mawu okhuthala, a amuna kapena a injini, amamva. Ang'onoang'ono ndi amene apita.

Lachiwiri lapitali, kutsogolo kwa sitolo ya misomali, lole inkabwerera m'mbuyo ikulira kaphokoso kake kaja kochenjeza. Bambo analowa kumbuyo kwake ngati akuyenda pabalaza pawo. Mwini sitolo ndi amene anawakoka jekete. Anagwa nkusupuka chigongono. Kunyumba anandiuza kuti anapunthwa pa mwala. Zoona zake ndinazimva kwa mwini sitoloyo, amene anandifunsa pagulu kuti, "Kodi madalawa mumawalola bwanji kuyenda okha?"

Ndinayesa kuwatchulira za kuchipatala. Anaika kapu pansi nkunena kuti, "Khutu ili ndi limene linakulera iwe. Lero ukufuna ukaliyezetse kwa ana a dzulodzuloli?" Masiku awiri sanadye nane pa tebulo.

Nchifukwa chake ndinati musagule. Pakali pano ali ndi chonamizira, ampulifaya ija. Kabokosi kakabwera nkusasintha kanthu, adzatsala ndi chiyani? Inu mudzakhala pakati pa nyanja. Wodzawayang'ana kumaso ndine.

Za chipinda chija, ndinanena zaka zisanu zapitazo, moseka, ndipo ndine amene ndimachisesa.

Mzime

27 Malichi

Chisamba mwana wanga,

Moni, moni. Kafika! Ndinakakatenga ndekha ku positi, ndipo panjira ndinakanyamula ngati dzira. Nkakang'ono ngati buku la nyimbo koma nkolemera, ndipo chinthu cholemera sichinama. Ndinalumikiza nthambo, kanyali kake kobiriwira kanayaka, ndinakhala pa mpando wanga nkutsinzina.

Mwana wanga, zinali ngati wina watsegula mawindo onse. Woimba aliyense anaima pamalo pake. Ndinamva mpaka kupuma kwa mayi wa kumanzere asanayambe vesi. Ndinkanena ine kuti daki ya m'kati amangoikamo kuti pa katoni palembedwe zambiri.

Ndinapita kwa namwino wamkulu uja kukawauza kuti andibwezere ntchito. Anazengereza, koma avomera. Nyimbo zonse ndaziyambiranso. Loweruka pa 20 Epulo abwera ndi komiti yawo kudzamvera kuno kunyumba. Ndikufuna adzamve pa masipika anga, pamaso panga.

Mlongo wako masiku ano wangoti ndwii. Ndikamuitana kuti adzamve, amaima pakhomo ngati wabwera kudzapepesa maliro. Ukamulembera umufunse chimene chamuluma.

Wandichotsa manyazi, mwana wanga. Zikomo.

Bambo wako

8 Epulo

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino. Kalata ya Bambo ndalandira. Yako palibe, ndipo ndikuona kuti kukhala chete kwakoko ndiye yankho. Munthu wamkulu akulemba ngati mnyamata amene wangololedwa kumene, iwe nkumaima pakhomo ndi nkhope ya maliro. Ngati unalakwitsa, palibe amene akuimbe mlandu. Ingosangalala nawo. Pa 20 paja upange tiyi wabwino, ndipo uchotse nsalu zako pa mipando alendo asanafike.

Mchimwene wako

11 Epulo

Achimwene,

Muli bwanji? Sindikudziwa ngati kalata yanga ya pa 18 Malichi inakupezani. Ngati siinafike, dziwani kuti Bambo sakumva bwino, ndipo lole inatsala pang'ono kuwaponda. Koma lero ndili ndi ina.

Dzulo masana soketi ya pabalaza inakana, ndiye ndinalowa ndi ayironi m'chipinda mwawo kuti ndisite makolala. Iwo anali pa mpando atatsinzina, kwaya ikuimba. Ndinagwada kuseri kwa shelefu nkuzula pulagi imodzi, ndikuyesa ndi ya fani. Nditadzuka ndinaona kanyali ka kabokosi kanu kazima. Nyimbo inkangoimbabe, osadukiza ngakhale pang'ono.

Ndinaima pulagi ili m'manja. Bambo, maso chitsinzinire, anati, "Ukumva, Mzime? Ukumva mmene kakutsukira mawu? Izi ampulifaya payokha singathe."

Ndinabwezera pulagi mwakachetechete. M'mawa uno atapita kukagula nyuzi ndatsatira nthambo zonse ndi chala. Kabokosi anakalumikiza bwinobwino, koma nthambo yakale yochoka ku kompyuta kupita ku ampulifaya sanaichotse. Kompyuta ikutumizabe mawu momwemo, ndipo ampulifaya imeneyi imangolandira yokha kulikonse kumene mawu akuchokera. Mukudziwa kuti iwo ndi munthu wa matepi, za m'kati mwa kompyuta amangoloweza. Milungu iwiri yonseyi akhala akumvera daki yomwe ankaitukwana ija.

Ndipo nyimbo za kwaya zikulasa kuposa poyamba. Mu nyimbo yachitatu muli kamluzu kakang'ono kosalekeza kamene kanalowa pojambula. Iwo pokweza mawu apamwamba akweza nako komwe. Ine kakamalira mano amachita kuwawa.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Ndiwauze, ndiwalase ndekha? Ndikhale chete, adzalasidwe ndi alendo? Wamkulu ndinu. Nenani.

Mzime

17 Epulo

Mlongo wanga,

Makalata ako awiri afika limodzi lero. Ya mu Malichi inapita ku doko limene tinalidumpha, ndiye yakhala ikutitsata. Pepa pa zimene ndinakunenera. Ndikulemba mothamanga. Tili kunja kwa doko kudikira malo, foni siikugwira, ndipo kaboti kobweretsa makalata kabwerera pakatha ola limodzi.

Usawauze. Akatuluka, zula nthambo yakaleyo, kenako pa kompyuta upite pamene pali chithunzi cha sipika, usankhe dzina la kabokosi. Pa makina awo osanjira mawu, timabatani ta kumanja kwenikweni ndi ta mawu apamwamba. Utitsitse pang'ono tsiku lililonse, sadziwa. Ngati ungathe, ukaonane ndi namwinoyo pambali, umupemphe ayamikire chabe. Tiwabisire mpaka Juni. Ndikabwera ndidzapeza njira yowatengera kuchipatala osazindikira kumene tikupita.

Asayende okha mumsewu.

Mchimwene wako

22 Epulo

Achimwene,

Moni. Yanu yonena za tiyi ndi mipando inafika. Ina sindinaione. Ndikulemberani zimene zinachitika Loweruka, mmene zinachitikira.

Lachisanu ndinayesa. Ndinawapeza akupukuta masipika, ndinati, "Bambo, mu nyimbo yachitatu muli kamluzu." Anati, "Telala wayamba liti kuphunzitsa a Khutu?" Anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Ndine wamantha, achimwene, zimenezo ndikuvomera.

Anabwera azimayi anayi ndi bambo mmodzi woimba besi. Bambo anavala tayi. Anayamba ndi kuwaonetsa kabokosi, amvekere, "Mwana wanga wa pa sitima ndi amene watumiza." Nyimbo yoyamba alendo anangoyang'anana. Yachiwiri mayi wina anayamba kusisita khutu ngati mwalowa nyerere. Yachitatu itayamba, namwino wamkulu, amene anakhala kumbuyo kwa Bambo, anati, "A Khutu, kamluzu ako nkachiyani?" Bambo sanatembenuke. Namwinoyo anabwereza mokweza. Apo Bambo anatembenuka akumwetulira.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Kamluzu."

"Kati?"

Wa besi uja anayang'ana nsapato zake.

Bambo anaona nkhope zathu, koma anaganiza kuti alendo sakuzindikira chinthu chabwino. Anati, "Makutu anu sanazolowere mawu oyera. Dikirani. Ndizimitsa kabokosika, nyimbo isiya, kenako ndibwezera zakale zija kuti mumve kusiyana kwake." Ndinati, "Bambo, musatero," koma nanenso ndinali kumbuyo kwawo. Anadina batani. Kanyali kanazima. Kwaya inapitiriza kuimba.

Anadinanso, kanayaka. Anadinanso, kanazima. Anazula nthambo ya kabokosi nkuigwira m'manja, azimayi aja mu masipika akungoimbabe. Kenako anandiyang'ana ine.

"Unkadziwa?"

"Eya, Bambo."

"Kuyambira liti?"

"Masiku khumi apitawo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anazimitsa ampulifaya nkuuza alendo kuti, "Tiyi ali pabalaza." Palibe anamumaliza tiyiyo. Bambo anawaperekeza alendowo mpaka pageti, aliyense kumugwira chanza. Namwino wamkulu anatsalira, anawagwira Bambo mkono nkulankhula nawo atawayang'ana kumaso. Sindinamve zimene ananena.

Chiyambire pamenepo sanandilankhule. Chipinda chija akiya, kiyi ali m'thumba la jekete. Amakhala pakhonde kuyang'ana msewu, ndipo akangodzuka nanenso ndimadzuka, kuopa kuti akupita kumene kuli malole. Chakudya amangolawa. Nyumba yangoti zii moti ndikuopa ngakhale kuyatsa makina.

Sindikukupemphani kanthu. Ndangofuna kuti pakhale munthu wina wodziwa.

Mzime

19 Meyi

Chisamba,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife tilipo.

Kalata yako ya pa 17 Epulo inafika pa 24. Inali ya mlongo wako, koma ndinaitsegula ine. Ndinaona dzanja lako, ndipo ndinkafuna mawu a munthu amene panalibe tsiku lija. Ndinalakwa, ndipo chilango ndinachipeza m'kati momwemo. "Tiwabisire mpaka Juni." Mlongo wako anakhala chete chifukwa cha mantha. Iwe unafuna kundinamiza mwaluso, mpaka kupempha mlendo kuti andiombere m'manja. Sindikudziwa chimene chikundipweteka kwambiri.

Koma nanenso ndisakunamize. Ndinkadziwa. Papita zaka ziwiri chisiyireni kulira mbalame za mu mtengo wa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkauza anthu kuti zinasamuka. Kabokosi katafika ndinamva zimene ndinkafuna kumva. Nyimbo zija ndinali nditaziloweza, ndiye mutu unkangodzaza pamene khutu lalekezera.

Namwino wamkulu anabwera yekha kudzanditenga. Kuchipatala anandilowetsa m'kachipinda kotsekedwa bwino ngati ka situdiyo, anandiveka mahedifoni nkundipatsa batani. "Mukamva kulira, dinani." Poyamba ndinkadina. Kenako ndinakhala, chala chili pa batani, kudikira kuti ayambirenso. Nditayang'ana pa galasi ndinaona dokotala akupotokola makina ake nkumalemba. Sanasiye ayi. Amene anasiya ndine.

Akuti sizibwerera. Andiyeza timakina tovala m'makutu, tibwera mwezi wamawa.

Ntchito ya kwaya ndinafuna kuibweza, anakana kuilandira. Ndiye ndinatulutsa kiyi nkuitana Mzime. Iye amakhala pa mpando wanga, ine pa mabatani. Akati "tsitsani", ndimatsitsa. "Tsitsaninso." Alibe chisoni mwana ameneyu. Kamluzu kaja tinakachotsa, ine ndikukaona pa kompyuta ngati kamzere, iye akundiuza pamene kathera. Tamaliza nyimbo zisanu ndi ziwiri, ndipo eni ake amva zitatu nkuzivomera.

Kabokosi kako tsopano tinakalumikiza moyenera. Ndinamutembenuza Mzime kuyang'ana kukhoma nkumusinthira kakhumi, daki ya m'kati ndi yakunja, kuti anene imene ikuimba. Anakhoza kasanu ndi kamodzi. Akuti yakunja mwina ikuposa pang'ono, mwinanso ayi. Tikugwiritsa ntchito yakunja, chifukwa unagula ndiwe.

Umulembere mlongo wako. Wandionetsa zonse unamunenera. Kupepesa kwa mzere umodzi kuja sikukwanira kwa munthu amene wakhala akunditsata mumsewu chapatali kuti ndisamuone.

Ukabwera mu Juni, ukafuna kundiuza kanthu, kabwino kapena koipa, uziima kutsogolo kwanga ndizikuona pakamwa. Zonenedwa kumbuyo kwanga sindikuzimvanso.

Ndine bambo wako.